Mukaweruka, Muziti Chiyani pa Chingerezi?

Ana anga, inu amene mwangoyamba kumene ntchito ndi inu amene mukadaponya makalata uku ndi uku, tamverani ndikuuzeni kanthu kooneka kochepa koma kamene kamachitika tsiku ndi tsiku. Ndikunena za mawu amene mumasankha pa Chingerezi pouza munthu kuti ntchito ya lero yatha ndipo mukupita kunyumba. Kusukulu anakuphunzitsani kulemba kalata yofunsira ntchito ndi chimangirizo, ndipo Chingerezicho munakhoza pa mayeso a MSCE, poti popanda phunziro limeneli setifiketi satenga. Koma sindikhulupirira kuti alipo mphunzitsi amene anakuuzani zoti munene 5 koloko ikakwana, chikwama chili paphewa, abwana akadali pa desiki yawo. Kalata yofunsira ntchito mumalemba kamodzi. Mawu otsanzikira madzulo mudzawanena mpaka tsiku limene mudzapume, ndipo amene amawamva ndi anthu omwewo amene amalemba malipiro anu ndi kuganiza zokukwezani.

Ife pa Chichewa tilibe vuto, chifukwa tili ndi mneni mmodzi wokwanira bwino. Timati kuweruka. Mwana wasukulu amaweruka, mlonda amaweruka m'mawa kukacha, namwino amaweruka, wa ganyu kumunda amaweruka dzuwa likafika pamutu. Munthu akati “ndaweruka,” palibe amaganiza kuti wakangana ndi abwana kapena kuti mawa sabweranso. Zinthu zinazo zili ndi mawu akeake: kusiya ntchito, kuchotsedwa ntchito, kutula pansi udindo, kupuma pantchito. Chingerezi chilibe mneni mmodzi wotere amene amamveka chimodzimodzi paliponse. Ntchito ya “kuweruka” chinaigawira aneni angapo afupiafupi, ndipo ena mwa aneniwo amagwiranso ntchito ya kusiya kapena kuchotsedwa. Choncho amene akulankhula ayenera kusankha, ndipo posankhapo aziganizira munthu amene akumva: ndi ndani, ali kuti, ndipo akufuna kudziwa chiyani.

Tiyambe ndi “leave,” chifukwa ndiye amene amagwetsa anthu ambiri. Mneni ameneyu ndi wabwino, ndipo eni chinenero amamugwiritsa ntchito kwambiri. “I leave work at five” ndi chiganizo chomveka: ndimaweruka 5 koloko masiku onse. “I'm leaving now” ndiye kuti ndikunyamuka tsopano lino. Koma “leave” yemweyo ndi amene amanenanso za kusiya ntchito. Chimene chimasiyanitsa ndi mawu oyandikana naye. Mukatchula ola, aliyense amadziwa kuti mukunena za lero. Mukatchula mwezi kapena chaka, kapena mukati “my job,” kapena mukatchula kampani, mwanena kuti mukusiya. Taganizani mtsikana wa kwathu kuno amene akugwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds, monga akuchitira ana athu ambiri masiku ano. Mutu ukumuwawa, maso akulemera, ndipo kwatsala maola atatu kuti shifiti ithe. Akutulutsa foni m'thumba la yunifolomu, waima pakona pafupi ndi khitchini, n'kulembera manejala kuti, “I want to leave work.” M'mutu mwake wanena kuti ndikufuna kuweruka. Manejala akuwerenga mawu amenewa ali m'galimoto, ndipo chimene chikubwera m'maganizo mwake ndi chakuti wantchito wina akufuna kuchoka, ayambe kufunafuna wolowa m'malo. Akuimba foni ndi mawu ozizira, akufunsa ngati pali chimene chalakwika, akukumbutsa za notisi. Mtsikana uja akudabwa, mutu ukupitirira kuwawa, ndipo nkhani imene ikanatha ndi mawu awiri yasanduka msonkhano wa mawa m'mawa. Akanalemba kuti “I'm not feeling well, can I leave early today?” bwenzi atangomuuza kuti apite akapume. Mawu amene akanamupulumutsa ndi awiri okha, “early” ndi “today.”

Pali timawu titatu timene ndikufuna muziyenda nato kulikonse: “for the day.” Timeneti ndi timene timatsekera khomo kusamvana konse. “I'm leaving for the day.” “I've finished for the day.” “She's gone for the day.” Aliyense womva amadziwa kuti munthuyo abweranso mawa. Inu amene mumakhala pa desiki yolandirira alendo, kapena amene mumayankha foni ya ofesi, mverani bwino apa. Wina akaimba 5 koloko itadutsa n'kufunsa za akauntanti amene waweruka, musamuyankhe kuti “He is no longer here,” chifukwa mwamuuza kuti munthuyo anachoka pakampani. Musatinso “He has left us,” pakuti mawu amenewa akhoza kumveka monga momwe ife timanenera kuti atisiya, ndipo woimbayo ayamba kupepesa maliro a munthu amene ali pa siteji kudikira minibasi. Nenani kuti “He's left for the day, he'll be in tomorrow morning.” Mwayankha funso, ndipo mwamuuzanso nthawi yoti aimbenso. Kasitomala amene wayankhidwa chotere amaona kuti pamalopo pali dongosolo.

Mneni wachiwiri ndi “finish,” ndipo ndikanati ndikusankhireni mmodzi yekha woti mupite naye dziko lililonse, ndikanasankha ameneyu. Ku Britain, mnzanu akafuna kudziwa nthawi imene mumaweruka, kawirikawiri amafunsa kuti “What time do you finish?” ndipo yankho lake ndi “I finish at six.” Palibe amene angamve molakwika. Ku America mudzamva kwambiri “What time do you get off work?” ndi yankho lakuti “I get off at six.” Zonsezi n'zabwino. Chenjerani pang'ono ndi “I'm finished,” chifukwa kwa ena limamveka ngati mukuti mwatheratu, kaya ndi kutopa kaya ndi mavuto. “I've finished” ndiye wosakayikitsa. Chimodzimodzinso “I'm done”: mukalinena lokha, nkhope ili yokwinya, womva akhoza kuganiza kuti zakukwanani ndipo simukufunanso ntchitoyo. Onjezerani timawu titatu tija, muti “I'm done for the day,” ndipo zonse zikhala m'malo mwake.

Tsopano ndifike pa chizolowezi chimene chimandidandaulitsa kwambiri, chifukwa chimagwira makamaka ana anzeru, amene anawerenga mabuku ambiri. Ndicho kukonda mawu akuluakulu. Kuyambira 1968, pamene kunakhazikitsidwa kuti Chichewa chikhale chinenero cha fuko ndipo Chingerezi chikhale cha ntchito za boma, ambiri a ife takhala tikukumana ndi Chingerezi m'kalasi, m'makalata a boma, m'khoti ndi m'nyuzipepala. Sitinachiphunzire pa khonde kapena pamsika. N'chifukwa chake timaganiza kuti mawu aatali ndiwo aulemu, ndipo aafupi ndi a anthu osaphunzira. Mudzamva mnyamata akuti “I will depart from the office at five,” wina akuti “I am proceeding home,” wina “I have vacated the premises.” Galamala yake ilibe banga. Koma “depart” ndi mawu a ndege ndi sitima, amene mumawaona pa chikwangwani ku bwalo la ndege la Chileka. “Proceed” ndi mawu a wapolisi polemba lipoti. “Vacate” ndi zimene amachita munthu wa lendi eninyumba akamuuza kuti asamuke. Kunena mawu oterewa kwa mnzako wa pa desiki yoyandikana kuli ngati kuvala suti ya ukwati popita kudimba: sutiyo ndi yabwino, koma aliyense aona kuti sukudziwa kumene ukupita. Ndipo ena mwa mawu akuluakuluwo ndi oopsa. “Retire” m'mabuku akale amatanthauza kupita kukagona, koma lero mukati “I am retiring,” anthu ayamba kukufunsani za penshoni. “Dismissed” amamveka bwino kusukulu kapena pa perete wa asilikali, koma kuntchito “we were dismissed” ndiye kuti mwachotsedwa. Chingerezi cha tsiku ndi tsiku chimayenda ndi aneni aafupi: “leave,” “finish,” “go,” “get,” “head.” Munthu amene amawadziwa bwino amenewa ndiye amamveka kuti chinenerocho anachizolowera. Sindikuti mutaye mawu akuluakulu. Asungeni, adzakuthandizani polemba malipoti.

Nanga “knock off,” amene tonse timamudziwa? Ameneyu ndiye “kuweruka” wathu wa pa Chingerezi. Ku Lilongwe, ku Lusaka, ku Harare, ku Johannesburg, kuyambira kalaliki mpaka mkulu wa kampani, aliyense amati “I knock off at five,” ndipo palibe chodabwitsa. Ndamvapo achinyamata ena obwera kuchokera kunja akuseka mawu amenewa, ati ndi Chingerezi chothyoka cha kuno. Si zoona. Ndi mawu enieni a Chingerezi, ali m'madikishonale, ndipo ku Britain ndi ku Australia amisiri omanga nyumba ndi antchito a m'mafakitale amawanena mpaka lero. Kwathu kuno anazika mizu pamodzi ndi ntchito yolembedwa: m'maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, m'minda ya fodya, pa njanji, ndi m'migodi ya ku Joni kumene agogo anu ankapita kudzera ku Wenela. Kumigodiko, m'chinenero chosakaniza chotchedwa Fanagalo, nthawi yoweruka ankaitcha “tshayile,” kuchokera ku mneni wa Chizulu wotanthauza kumenya. Mawu onse awiriwa ali ndi kumenya kapena kugogoda mkati mwake, ndipo aliyense amene anamvapo chitsulo chopachika pamtengo chikulira kuti anthu aike makasu pansi sangavutike kuwamvetsa. Choncho musachite nawo manyazi. Ndi mawu amene makolo athu anawagula ndi thukuta.

Komabe dziwani pamene amathera. Ku Britain “knock off” ndi mawu a pakati pa anzako, osati olemba m'kalata kapena onena pa intavyu. Ku America ambiri akhoza kuwamva, koma si amene amabwera msanga pakamwa pawo, ndipo kumeneko “knock it off” ndi mawu okalipira munthu kuti aleke zimene akuchita. Mukaika dzina la chinthu pambuyo pake, tanthauzo limasinthiratu. Wogulitsa akhoza kuchita “knock off” ndalama zina pa mtengo, ndiye kuti watsitsa. Katundu wotchedwa “knock-off” ndi wachinyengo, wongofanizira weniweni, monga nsapato zina za pamsika zokhala ndi dzina la kampani yotchuka. M'chinenero cha m'misewu mawu omwewa amatanthauzanso kuba, mwinanso kupha. Ndipo samalani lilime lisaterereke n'kunena “knock out,” amene ndi mawu a nkhonya. Dziwaninso kuti si Afirika yense amene amalankhula ngati ife. Anzathu a ku Nigeria ndi ku Ghana amati “I close at five,” ndipo kwa iwo “close” ndiye kuweruka, pamene Mngelezi akamva zimenezi aganiza kuti munthuyo ali ndi sitolo. Mukakhala pa msonkhano wa pa intaneti ndi anthu a mayiko osiyanasiyana, bwererani kwa “finish,” amene amamveka kwa onse.

Amene mukugwira ntchito za mashifiti, m'mafakitale, m'mahotela, m'zipatala ndi m'nyumba zosungira katundu, muli ndi mawu enanso. “Clock in” ndi “clock out” amachokera ku wotchi yodinda nthawi imene wantchito walowa ndi kutuluka. Makina oterewa anayamba ku America. Willard Bundy wa ku Auburn m'chigawo cha New York anapanga yake mu 1888, ndipo dzina lake linakanirira moti ku Australia ena amati “bundy off” akamaweruka. Ku Britain mudzamvanso “clock off,” ku America “punch out.” Lero m'malo ambiri mumangoika chala pa makina kapena kudutsitsa khadi, koma mawuwo sanasinthe. Chofunika n'chakuti “clock out” amanena za kudinda kwenikweniko. Kapitawo akafunsa kuti “Did you clock out?” sakufunsa ngati munapita kunyumba, akufunsa ngati makina analemba. Anamwino ndi alonda amati “come off shift” kapena “go off duty,” ndipo amene mumagwira ntchito pa kompyuta muli kunyumba mumati “log off” kapena “sign off,” pakuti palibe khomo limene mukutuluka.

Apa tsopano pali msampha umene umachokera mu ulemu wathu womwe. Ife potsanzika timati “ndapita,” tikadali chiimire pakhomo, ndipo otsala amayankha kuti “pitani bwino.” Timalankhula ngati ulendo wayamba kale. Mukatembenuza mawu amenewa momwe alili n'kunena “I have gone,” Mngelezi akuyang'anani modabwa, chifukwa akukuonani muli pomwepo. Pa Chingerezi munthu amene akadali pakhomo amati “I'm going now,” kapena “I'm off,” kapena “I'm heading home.” Mneni uyu “head” ndimamukonda, chifukwa amaonetsa kuti mwalunjika kwinakwake ndipo amamveka mwaubwenzi popanda kupeputsa munthu: “I'm heading off, see you tomorrow.” Mukhoza kunena zimenezi kwa mnzanu ngakhalenso kwa abwana. “I've left” musungireni nthawi imene mwatulukadi, monga wina akakuimbirani muli kale m'minibasi. “I'm off” nayenso ali ndi mbali ziwiri: mukalinena mukutenga chikwama, ndiye kuti mwanyamuka, koma “I'm off tomorrow” ndiye kuti mawa simubwera kuntchito.

Msampha winanso ndi “ndikubwera.” Timanena mawu amenewa tikutuluka, kutanthauza kuti sitichedwa. Pa Chingerezi “I'm coming” amanenedwa ndi munthu amene akuyandikira kwa womvayo. Mukanena mukutuluka, mzungu aima n'kumadikira kuti mufike pamene ali, inu mukunka mutalikira. Chimene mukufuna ndi “I'll be right back.” Lamulo la “come” ndi “go” ndi losavuta mukaligwira: yang'anani pamene pali munthu amene mukulankhula naye. Kwa mnzanu wa muofesi mukuchoka pamene iye ali, ndiye mumati “I'm going home.” Kwa amayi anu kapena akazi anu amene ali kunyumba, mukupita kumene iwo ali, ndiye pafoni mumati “I'm coming home.” Ulendo ndi womwewo, wasintha ndi womvera.

Mawu akuti “home” nawonso amafuna kuwasamala. Choyamba, akabwera pambuyo pa “go,” “come,” “get” kapena “head,” safuna mperekezi. Timati “go home,” osati “go to home.” Ambiri amalakwa apa chifukwa pa Chichewa timamva “ku” wa mu “kunyumba” ndipo timafuna kumupezera malo. Chachiwiri ndi chachikulu. Ife tili ndi kunyumba ndiponso kumudzi, ndipo sitisokoneza ziwirizi. Kunyumba ndi ku Ndirande kapena ku Area 25 kumene ukugona usiku uno. Kumudzi ndi ku Ntcheu kapena ku Nkhotakota kumene kuli manda a makolo. Chingerezi chimaika zonsezi m'mawu amodzi. Pakati pa Amalawi, munthu akati “I'm going home this weekend,” timamva kuti akupita kumudzi. Ndipo kwa inu amene muli ku Cape Town kapena ku Manchester, mawuwa amalemera kwambiri. Mukauza abwana kuti “I'm going back home,” ndi “back” ameneyo, ambiri amva kuti mukubwerera ku Malawi, mwina osabweranso. Ngati mukungopita ku chipinda chanu cha lendi, siyani “back,” ndipo ngati pali chikayiko onjezerani “see you tomorrow.” Ngati mukupitadi kwathu kukaona abale, tchulani dziko ndi tsiku lobwerera: “I'm going to Malawi for three weeks, I'll be back on the tenth.” Pa ntchito zambiri za kunja, makamaka zimene chilolezo chanu chokhalira m'dzikomo chimadalira abwana, simufuna kuti wina aganize kwa tsiku ngakhale limodzi kuti mwathawa.

Za kufika sindichedwapo. Kwathu timati “I reached home at seven,” ndipo aliyense amamva, ngakhale kunja. Koma eni chinenero amati “I got home at seven,” ndipo pokufunsani amati “What time did you get home?” “Arrive” ndi wolondola koma wouma pang'ono. Muli panjira, “I'm on my way home.” Chimene muyenera kusiya ndi “I'm from work” pofuna kunena kuti ndikuchokera kuntchito. “I'm from” amanena za kwanu kumene munabadwira kapena bungwe limene lakutumani. Nenani kuti “I've just come from work” kapena “I've just got back from work.”

Nkhani yopempha kuweruka msanga ndi imene imavuta ana athu aulemu. Tinakula tikudziwa kuti pamaso pa wamkulu suyamba ndi pempho. Umayamba wazungulira, wapepesa, wafotokoza. Khalidwe limeneli ndi labwino ndipo musalitaye. Koma ulemu wa Chingerezi sukhala mu utali wa chiganizo. Mukayamba ndi “I would like to humbly request your permission to be released,” abwana a ku Britain ayamba kuda nkhawa kuti kwagwa zovuta zazikulu, ndipo “released” ndi mawu a kundende kapena a munthu amene kontirakiti yake yathetsedwa. Ulemu wawo uli m'kufunsa m'malo molamula, ndi m'kunena nthawi ndi chifukwa mwachidule. “Would it be all right if I left at three today? I have to take my son to the clinic.” Mwafunsa, mwatchula ola, mwapereka chifukwa. Ngati pali ntchito yotsala, nenani kuti muimaliza liti. Musasokoneze ndi “go on leave,” amene ndi kupita kutchuthi kwa masiku. Ndipo pali mawu ena amene mudzawamva n'kuwakonda, akuti “let's call it a day.” Ndi okoma, koma ali ndi mwini wake. Amawanena ndi amene akutsogolera ntchitoyo, kapena anthu ofanana amene agwirizana kuti pakwana. Inu wobwera dzulo musaimirire pakati pa msonkhano n'kuwanena kwa akuluakulu. Dikirani achoke pakamwa pa woyenera, inu muvomereze.

Mwina mukufunsa kuti zonsezi mudzazisunga bwanji pamtima. Simuyenera kuziloweza ngati za mayeso. Malo aliwonse a ntchito ali ndi kalankhulidwe kake, ndipo sabata yoyamba ndi yotchera khutu. Nthawi yoweruka ikamayandikira, mverani zimene anthu amene akhalitsa pamalopo akunena kwa anzawo, ndi zimene akunena kwa abwana, chifukwa kawirikawiri zimasiyana. Onani mmene amalembera pa gulu la WhatsApp la kuntchito. Pa galaja ku Limbe mudzamva “knock off,” mu ofesi ya bungwe la kunja ku Lilongwe mudzamva “heading out,” m'chipatala ku Birmingham mudzamva “I finish at eight.” Tengani za pamalopo. Mukamva mawu amene simukuwadziwa, funsani mnzanu pambali. Safunsa anadya phula. Ndipo pakati pa Amalawi anzanu, ngakhale muli ku London, palibe chokuletsani kunena kuti “ndaweruka.”

Chotsiriza chikukhudza thumba lanu. Lamulo la ntchito la dziko lathu, Employment Act ya 2000, limati maola a ntchito a masiku onse asapitirire 48 pa sabata, ndipo opitirira pamenepo ndi ovataimu. Mayiko ena ali ndi malamulo awo, koma kulikonse mkangano wa malipiro umafika pa funso limodzi: munagwira mpaka nthawi yanji? Apa “finish” ndi “leave” salinso mawu ofanana. “I finished at six” akunena nthawi imene ntchito inatha. “I left at seven” akungonena nthawi imene munatuluka pageti, ndipo abwana akhoza kunena kuti ola linalo munali kudikira mvula kapena galimoto. Ngati munagwiradi ntchito mpaka 7 koloko, lembani kuti “I worked until seven,” ndipo tchulani chimene munkachita ndi amene anakuuzani kuti mutsale. Lembani tsiku lomwelo, mu uthenga umene udzasungike, musanakwere minibasi. Ngati pali makina odinda, dindani mutamaliza ntchito yonse, osati musanayambe kukolopa kapena kuwerengera ndalama za mu kauntala. Ndipo ngati makinawo sanagwire, uzani kapitawo nthawi yomweyo kuti “The machine didn't work, I finished at seven,” kuti mwezi ukatha pasadzakhale mawu anu okha otsutsana ndi pepala lopanda kanthu.